Zoona, chitetezo chimatha kuwononga mapapo a mwini wake

Achemwali, mwafunsa ngati n'zoona kuti pa fuluwenza nthawi zina chimene chimavulaza munthu si kachilomboko koma chitetezo cha m'thupi mwake momwe, komanso kuti asayansi anadziwa bwanji. Mbali yaikulu n'zoona, ndipo zambiri zinadziwika kudzera pa mbewa za mu labotale.

Ofufuza amagoneka mbewa ndi mankhwala n'kuidonthezera kavayirasi m'mphuno. Nthawi zambiri kamakhala kotchedwa PR8, kamene kanapezeka ku Puerto Rico mu 1934. Mbewa ikadwala thupi silitentha ngati lathu, limachita kuzizira, ndiye amaiyeza pasikelo tsiku ndi tsiku kuti aone mmene ikuwondera. Apa ndi pamene pali nkhani. Kavayirasi kamachuluka masiku oyambirira, koma mbewa imafika powondetsetsa patatha sabata kapena kuposerapo pang'ono, nthawi imene maselo a T, omwe ndi gulu lina la maselo achitetezo, adzaza m'mapapo ndipo kachilomboko kayamba kale kuchepa.

Mapapo ndi malo osalimba. Khoma la timatumba ta mpweya n'lopyapyala kwambiri kuti okosijeni azidutsa kupita m'magazi. Maselo achitetezo akathamangira kumeneko n'kuyamba kupha maselo ogwidwa ndi matenda, khomalo limachucha, madzi n'kulowa mofunika mpweya. Zili ngati anyamata otentha tchire posaka mbewa: mbewa agwiradi, koma moto ukasowa wouzimitsa umakafika pankhokwe.

N'chifukwa chake mapapo ali ndi njira zawozawo zoziziritsira chitetezo, ndipo kwa ine apa ndiye posangalatsa. M'timatumba tija mumakhala maselo olondera otchedwa macrophage. Maselo a khoma la mapapo ali ndi puloteni yotchedwa CD200 imene imawagwira olonderawo kuti asamalusire fumbi lililonse lomwe tapuma. Mu 2008 gulu la Tracy Hussell ku Imperial College London linaonetsa kuti mbewa zopanda CD200 zikagwidwa ndi fuluwenza kutupa kumachedwa kutha, mpaka kufa nako. Chaka chotsatira gulu la Thomas Braciale ku University of Virginia linapeza kuti maselo a T omwewo amene amalimbana ndi kavayirasi amatulutsanso puloteni yotchedwa IL-10, yomwe imachepetsa kutupa. Ataitsekereza IL-10 kuti isagwire ntchito, mapapo anatupa koopsa ndipo mbewa zinafa. Ndiye kuti selo lomwe likupha ndi lomwenso likuuza anzake kuti basi, zakwana.

Palinso ntchito yokonza zowonongeka. Mu 2015 ofufuza ku New York anatenga mbewa n'kuchotsa mphamvu yopanga amphiregulin, puloteni yothandiza kukonza zowonongeka, m'maselo a T oletsa ukali, aja amati Treg. Kavayirasi kanali kochuluka chimodzimodzi ngati m'mbewa zina, koma mapapo anawonongeka kwambiri.

Koma musafulumire kunena kuti ndiye bola kungochizimitsa chitetezocho. Mbewa zopanda maselo a T ndi anzawo achitetezo otchedwa B zimalephera kuchotsa kavayirasi. Ndipo madokotala sapereka masteroidi, mankhwala ochepetsa kutupa, mwachisawawa kwa wodwala fuluwenza, ngakhale steroidi wotchedwa dexamethasone anathandiza odwala kwambiri Covid-19 mu 2020. Matenda awiriwa si amodzi.

Ndionjezere kuti mbewa si munthu. Mitundu yofala mu labotale, C57BL/6 ndi BALB/c, ili ndi jini ya Mx1 yosagwira ntchito, pomwe jini imeneyi ndi imene imateteza mbewa zambiri zakutchire ku fuluwenza. Choncho ine sindithamangira kukhulupirira ndikaona wina akutsatsa mankhwala a "kukweza chitetezo" ati chifukwa anayesedwa pa mbewa. Kukweza mbali iti?

China chimene chikukhudza ife mwachindunji ndi ichi. Patatha pafupifupi sabata fuluwenza itayamba, olondera aja amafooka pomeza mabakiteriya. Keer Sun ndi Dennis Metzger anaonetsa mu 2008 kuti puloteni yotchedwa interferon gamma yochokera kwa maselo a T ndi imene imachititsa zimenezi, moti bakiteriya wa chibayo amalowerera mosavuta. Ambiri mwa amene anafa pa mliri wa 1918 anamalizidwa ndi chibayo chotere. Ndiye mwana kapena agogo akakhala ngati ayamba kupeza bwino, kenako thupi n'kutenthanso, akubanika kapena kupuma mothamanga, musadikire kuti chimfine chitha chokha. Pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.