Masters ya kafukufuku mu biochemistry: muyambe mwafufuza supavaiza

Wowerenga wina, amene wangomaliza digiri yoyamba ya biochemistry, wandilembera imelo. Akuti: "Ena akundiuza kuti ndichite masters ya m'kalasi, ena akuti ya kafukufuku. Mtima uli pa kafukufuku, koma mu labotale tinkangotsatira malangizo olembedwa kale. Kodi ndingakwanitse? Nanga malo ndisankhe bwanji?"

Achemwali, kusiyana kwake n'kosavuta. Masters ya m'kalasi imakhala ya maphunziro ndi mayeso, kenako kafukufuku wa miyezi yochepa kumapeto. Ya kafukufuku, imene ku UK amaitcha MRes ikakhala ya chaka chimodzi kapena MPhil ikakhala ya zaka ngati ziwiri, imakupatsani funso limodzi loti mulimbane nalo mpaka mulembe thesis. Ngati mukulakalaka PhD, njira yachiwiriyi imakukonzekeretsani bwino. Ngati cholinga ndi ntchito yoyeza mankhwala pa kampani, ya m'kalasi siyochepa ayi.

Mantha anuwo ali ndi maziko. Zimene munkachita pa digiri yoyamba zinali zoyesedwa kale kambirimbiri kuti zitheke m'maola atatu. Pa kafukufuku palibe amene akudziwa yankho. Tiyerekeze kuti mwapatsidwa enzyme, puloteni yofulumizitsa kusintha kwa makemikolo m'maselo, yoti muifufuze. Mumalowetsa jini yake mu bakiteriya ya E. coli, n'kuthira mankhwala otchedwa IPTG kuti bakiteriyayo ayambe kupanga puloteni, kenako kuphwanya maselo ndi kusefa puloteniyo pa column ya nickel. Mukaona pa jelo ya SDS-PAGE, njira yolekanitsira mapuloteni potengera kukula kwake imene wasayansi Laemmli anaifalitsa mu 1970, mumapeza kuti puloteni yonse yaundana, sikusungunuka. Ndiye mumatsitsa kutentha kuchoka pa madigiri 37 kufika pa 18, n'kusiya usiku wonse, n'kuyambiranso. Masamu oyezera liwiro la enzyme a Michaelis ndi Menten a mu 1913 amene munaloweza aja simungawagwiritse ntchito puloteni isanayere, ndipo zimenezi zikhoza kudya miyezi. Kukwanitsa kwake sikudalira nzeru zapadera kwenikweni, koma kulemba chilichonse m'buku la mu labotale ndi kusintha chinthu chimodzi pa nthawi, kuti mudziwe chimene chathandiza.

N'chifukwa chake ndikuti dzina la yunivesite libwere pambuyo. Amene adzakupulumutseni puloteni ikakana ndi supavaiza ndi gulu lake. Lembani dzina lake pa PubMed, tsamba la pa intaneti lofufuzira mapepala a kafukufuku, muone zimene wafalitsa zaka zisanu zapitazi. Kodi mayina a ophunzira ake akupezekapo, makamaka koyambirira kwa mndandanda wa olemba? Funsani kuti tsiku ndi tsiku adzakuonetsani ntchito ndani, chifukwa pulofesa wotchuka nthawi zambiri amakhala ku misonkhano, ndipo wokuphunzitsani kugwira pipette amakhala postdoc (wofufuza amene anamaliza kale PhD) kapena tekinishani. Funsaninso ngati pali zotsatira zoyambirira zosonyeza kuti ntchitoyo ndi yotheka, komanso chimene mudzachite njira yoyamba ikakanika. Supavaiza amene alibe yankho pa funso limeneli, ine sindingakulimbikitseni kupitako, chifukwa chaka chimodzi sichichedwa kutha. Ndipo ngati n'kotheka, lankhulani ndi amene anamaliza pansi pake, supavaizayo palibe.

Za ndalama musachite nazo manyazi. Ma antibody ndi ma enzyme ogula ndi okwera mtengo, ndipo mayunivesite ena amalipiritsa bench fee, ndalama ya zipangizo za mu labotale, pamwamba pa fizi. Dziwani msanga amene adzalipire. Werenganinso malamulo a sikolashipu bwinobwino: Chevening ya boma la UK, mwachitsanzo, ndi ya masters ya m'kalasi.

Podikira, phunzirani R kapena Python, zilankhulo zolembera mapulogalamu a kompyuta, ngakhale pang'ono. Kuyambira pamene pulogalamu ya AlphaFold inaonetsa mu 2020 kuti kompyuta ikhoza kulosera mmene puloteni imapindikira, ntchito imene inapatsa Demis Hassabis ndi John Jumper gawo la mphoto ya Nobel mu 2024, ma labotale ambiri amayamba aona pa kompyuta asanakhudze chubu.

Polembera supavaiza, imelo ikhale yaifupi. Tchulani pepala lake limodzi la kafukufuku limene mwawerengadi, nenani chimene chakuchititsani chidwi, njira za mu labotale zimene munagwirapo ndi manja anu, ndipo mufunse ngati ali ndi malo ndi ndalama za wophunzira chaka chikubwerachi. Pakatha masabata awiri osayankhidwa, akumbutseni kamodzi, uku mukulemberanso ena.