Funsani Akatswiri: Terminal ikukana kulowa mu CICS

FUNSO: Ndikuphunzira ntchito ya mainframe (kompyuta yaikulu yotumikira anthu ambiri nthawi imodzi) kuno ku Zomba. Tawonjezera ma terminal awiri (sikirini ndi kiyibodi zogwirira ntchito pa mainframe) ku VTAM (pulogalamu yolumikiza ma terminal ku mainframe), ZBA1T001 ndi ZBA2T001, koma ina ikalowa mu CICS (pulogalamu yoyendetsa ntchito zimene anthu amalemba pa terminal) inzake imakanidwa. Komanso magetsi akathima n'kuyakanso, kompyuta imakana kulumikizanso. Talakwitsa pati? Wowerenga, Chinamwali.

YANKHO: Zikomo wowerenga wathu. Vuto loyambalo lagona pa maina amene mwasankha.

Terminal iliyonse ili ndi maina awiri. VTAM amaidziwa ndi NETNAME, dzina losapitirira zilembo 8, pamene CICS amaidziwa ndi TERMID ya zilembo 4 zokha. Mukasiyira autoinstall (njira imene CICS imalembetsera yokha terminal ikamalowa) kuti ikupangireni TERMID, pulogalamu ya IBM yotchedwa DFHZATDX imangodula zilembo zinayi zakumapeto kwa NETNAME. Tayang'anani maina anuwo: onse akuthera T001. Yoyamba kulowa yatenga dzinalo, ndipo CICS salola ma terminal awiri pa TERMID imodzi. Uthenga wokanawo muupeza mu CADL, kaundula wa autoinstall.

Njira yachidule n'kusintha maina kuti kusiyana kwake kukhale kumapeto, monga ZBAT1001 ndi ZBAT2001. Ife timakonda njira imeneyi chifukwa ofesi ikadzakula simudzavutikanso. Ngati mainawo sangasinthike, lembani pamanja mu CICS ndi lamulo la CEDA DEFINE TERMINAL, iliyonse ndi TERMID yakeyake, NETNAME yake ndi TYPETERM (yofotokoza mtundu wa terminal). TYPETERM iyambe kulowa ndi CEDA INSTALL, terminal pambuyo. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti gulu (GROUP) limene mwalembamo ma terminalwo liyenera kuikidwa ndi CEDA ADD pa mndandanda umene watchulidwa mu GRPLIST, umene CICS imawerenga poyamba. Mukapanda kutero zonse ziyenda lero, koma tsiku la cold start (kuyambitsanso CICS mwatsopano) ntchito yanu yonse isowa.

Onaninso kukula kwa sikirini. Terminal ya 3270 Model 2 ili ndi mizere 24 ya zilembo 80, zonse pamodzi 1,920. Model 4 ili ndi mizere 43. Zimene mwalemba mu TYPETERM zigwirizane ndi LOGMODE ya ku VTAM (yofotokoza mmene terminal ilumikizire), apo ayi autoinstall isowa model yoyenera.

Za magetsizo, anthu a ku Zomba tikuzidziwa, makamaka nyengo yamvula. Kompyuta ikazima mwadzidzidzi siitsanzika, ndiye seva ya TN3270, imene imalumikiza kompyuta yanu ku mainframe ngati terminal, imaona ngati mukadalipo ndipo imagwirabe dzina lanu. Mukabwerera, mumapeza malo anu ali ndi mwini, mwiniwakeyo n'kukhala inu nomwe. Seva imafufuza kulumikizana kwakufa kudzera mu TIMEMARK, imene mukapanda kuisintha imadikira masekondi 10,800. Amenewo ndi maola atatu, makasitomala ali pamzere! Tsitsani TIMEMARK pamodzi ndi SCANINTERVAL (nthawi imene seva imadikira isanafufuzenso), mwina kufika pa mphindi khumi.

Pofuna kumasula terminal pompopompo, yambani mwaona mmene ilili ndi lamulo la VTAM la D NET,ID=ZBA1T001,E. Ngati ikadali yogwidwa, lembani V NET,INACT,ID=ZBA1T001,FORCE kenako V NET,ACT,ID=ZBA1T001. Chonde musathamangire FORCE musanafunse wogwira ntchito pa terminal imeneyo kuti amachita chiyani, chifukwa transaction (ntchito imene amalemba) imene inali pakati imabwezedwa m'mbuyo ndipo ayenera kuilembanso. Pomaliza onani mu CICS ndi lamulo la CEMT INQUIRE TERMINAL kuti ikuonetsa Inservice (yokonzeka kugwira ntchito).

UPS (batire yothandiza magetsi akathima) musangoikira kompyuta yokha. Switch ndi router nazonso zilumikizidweko, chifukwa zikazima zimenezo, kulumikizana kumaduka ngakhale sikirini ikuwala.