Kodi pulofesa wa maphunziro achikhristu amasiyana bwanji ndi abusa?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Lizulu, ku Ntcheu. Anamaliza Fomu 4 ndipo amaphunzitsa Sande sukulu. Pa msonkhano wa achinyamata anamva mlendo akutchulidwa kuti pulofesa wa maphunziro achikhristu. Akufunsa ngati ntchito imeneyi ndi ubusa womwewo, komanso njira yofikirako.

Achemwali, abusa amaweta mpingo: amalalikira, amabatiza, amadalitsa maukwati, amaika maliro. Pulofesayu amasula anthu amene adzaphunzitse ena, ndipo funso limene limamusowetsa tulo ndi lakuti, kodi munthu amaphunzira bwanji chikhulupiriro mpaka chimulowerere?

Funso limeneli inu mwakumana nalo kale. Muli pansi pa mtengo kuseri kwa tchalitchi, ana 40 akhala pa fumbi, ena abereka ang'ono awo kumbuyo. Mwawaloweza Yohane 3:16, akuyitchula mokweza mpaka akulu ampingo akusuzumira pa zenera. Mukafunsa kuti "wobadwa yekha" ndiye kuti chiyani, onse zii. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ndipo mawu ake ena mwana wa lero sawamva pakhomo. Buku Loyera linabwera mu 1998 ndi Chichewa chopepukirapo. Mwana wa zaka 7 timuyambitse ndi liti? Kuloweza kuyambe, kapena nthano? Anthu amalembera madigiri pa mafunso ngati amenewa.

Chimene chimandikoka mtima kwambiri ine ndi nkhani ya chilangizo. Sinodi ya Nkhoma inaona kuti kuletsa chinamwali popanda choikapo m'malo mwake kusiya atsikana m'malere, ndiye inaika alangizi a mumpingo. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anatsegula Kungoni mu 1976, kumene miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao imasungidwa ndi kuphunziridwa. Wofufuza weniweni amakhala pa mphasa ndi alangizi, nkumamvetsera zimene amauza ana athu ndi zimene amachita nazo manyazi. Ndimaona kuti ntchito imeneyi ikusowa amayi, chifukwa pali zina zimene alangizi sangaululire mwamuna.

Za njira, ndi yaitali. Pamafunika MSCE yabwino, kenako digiri yoyamba ya zaumulungu kapena ya uphunzitsi. Maphunzirowa alipo ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, ku Mzuzu University, ndi ku African Bible College ku Lilongwe. Pambuyo pake masters, kenako PhD, yomwe ena a kwathu kuno anakaitengera ku yunivesite ya Stellenbosch ku South Africa. Upulofesa umabwera mutaphunzitsa ndi kusindikiza kafukufuku kwa zaka zambiri. Ndalama za fizi ndiye phiri lalikulu, choncho lankhulani ndi abusa anu msanga za thandizo la mpingo.

Pakadali pano funsani za maphunziro afupiafupi ku Namoni Katengeza, malo ophunzitsira akhristu a Sinodi ya Nkhoma ku Chongoni, si patali ndi kwanu. Gulaninso kope, ndipo Lamulungu lililonse muzilemba funso limodzi limene mwana wakufunsani inu nkusowa poyankha. Mukadzaza masamba khumi, munditumizire tidzaonere limodzi.