Za tsitsi la mwana wovina ballroom: dayi musiyeni kaye, achemwali

Achemwali, ndawerenga funso lanu. Mwati mtsikana wanu wa zaka 14 ali ndi mpikisano wake woyamba wa ballroom ndi Latin, magule ovina awiriawiri, kuno ku England, kwatsala masabata atatu, tsitsi lake ndi la relaxer, ndipo wakuumirirani kuti mumudaye lofiira ngati atsikana amene amawaona pa Instagram. Mwafunsanso kamangidwe koti lisamasuke ali pabwalo. Ine ntchito yanga ndi ya tsitsi, ndipo ena mwa amene amakhala pampando wanga ndi ana ovina. Za dayi ndiyankhe mosazungulira: musamudaye.

Mukalowa mu Boots kapena Superdrug, tengani bokosi la dayi wokhalitsa muwerenge m'mbali mwake. Analemba kuti si wa munthu wosakwana zaka 16, ndipo saluni yolongosoka ya kuno idzakubwezani mukapita naye. Vuto lalikulu ndi mankhwala otchedwa PPD amene amapezeka mu dayi wambiri, makamaka wakuda ndi woderapo. Thupi likadana nawo, mutu umayabwa, pamatuluka matuza, nkhope imatupa mpaka maso kutsekeka, ndipo likadana nawo kamodzi ndiye kuti basi, mpaka kalekale. N'chifukwa chake ngakhale ife akuluakulu amatiuza kupaka pang'ono kuseri kwa khutu n'kudikira maola 48 tisanadaye mutu wonse. Ngati mwanayo anajambulitsapo pamkono ndi henna wakuda uja wa kumalo a tchuthi, chiopsezo chimakula, chifukwa mu henna ameneyo amathiramo PPD yemweyo.

Ngakhale akanakhala wa zaka 20 ndikanakanabe, chifukwa cha relaxer. Tsitsi lakuda silingafiire pokhapokha mutayamba mwaliyeretsa ndi blichi kapena developer wamphamvu, wa 30 kapena 40 volume, amene ndi peroxide wa 9 kapena 12 peresenti. Relaxer amawongola tsitsi pothyola zimene zimaligwira m'kati mwake, choncho limakhala litafooka kale. Mukaonjezerapo blichi, likanyowa limatanuka ngati chingamu, mukapesa limatsalira m'chipeso. Ndiye taganizani tsitsi lotero mukulikoka, kulipaka jelo ndi kulibaya mapini tsiku lonse. Komanso wofiira ndi mtundu umene umafwifwa msanga kuposa ina yonse, ndipo popeza tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, mpikisano wachiwiri usanafike kumizu kudzakhala kutada kale.

Mwanayo mufotokozereni chifukwa chimene anzakewo amadayira, mwina mtima ukhala pansi. Oweruza amaima m'mphepete mwa bwalo, m'magawo oyambirira mumalowa magulu ambiri nthawi imodzi, ndipo gule aliyense amatha mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri. Pansi pa magetsi owala aja, tsitsi lotuwira la azungu ambiri silioneka patali. Ndiye amasankha mtundu wooneka: lakuda bii, loyera mbee, kapena lofiira kwambiri. Tsegulani naye limodzi mavidiyo a Latin a ku Blackpool Dance Festival, mpikisano umene unayamba mu 1920 ndipo umachitikira mu Empress Ballroom ku Winter Gardens, muone kuchuluka kwa mitu yakuda yonyezimira. Ambiri mwa iwo kudako anachita kugula. Wanuyo anabadwa nako.

Akaumirirabe kufiira, muikireni pa meshi. Tsitsi lakelake likhale lakuda, koma lokulunga kunkhongo lija, limene ovina amati bun, mulisakanize ndi meshi yofiirira ya nambala 99J kapena 30, tizingwe tiwiri titatu tokha. Meshi yaikuluyo mugule 1B, osati 1. Nambala 1 ndi yakuda mopitirira, ndipo magetsi akawala pamaoneka pamene tsitsi lenileni lathera. Koma musanagule kalikonse funsani mphunzitsi wake za malamulo a mpikisanowo. Ku British Dance Council, bungwe loyang'anira mipikisano ya magulewa kuno, ana osakwana zaka 12 ali m'gulu la Juvenile ndipo malamulo awo a kavalidwe ndi okhwima. Wanuyo ali mu Junior, komwe zimapepukirako, komabe mipikisano imasiyana pa zimene imalola kwa ongoyamba kumene.

Poti akuvina ballroom ndi Latin tsiku limodzi, musavutike ndi masitayilo awiri. Bun ya kunkhongo imakwanira konse. Mu waltz, foxtrot ndi quickstep mtsikana amayang'ana kumanzere khosi lili tambalale, ndipo oweruza amafuna kuliona khosilo. Mu tango mutu umatembenuzidwa mwadzidzidzi, mu samba ndi jive ndi kuzungulira ndi kudumpha kokhakokha. Tsitsi lolendewera limakwapula mnyamata m'maso. Kuliwongola ndi chitsulo chotentha n'kulisiya choncho nakonso n'kutaya nthawi, thukuta la gawo loyamba lidzalibweza.

Ngati nthawi yoika relaxer kumizu yakwana, ikani sabata ino kapena musiyiretu mpaka mpikisano utatha. Kutatsala tsiku limodzi kuti mpikisano uchitike mutsuke mutu, ndipo musadzoze mafuta, chifukwa jelo sagwira patsitsi lonona. M'mawa wake linyowetseni pang'ono chabe, mugawe tizigawo ting'onoting'ono, chilichonse mupake jelo kuyambira kumizu, Eco Styler amachita bwino, n'kusalaza ndi bulashi yolimba kulowera kunkhongo. Ambiri amalakwitsa popaka jelo wambiri pamwamba pokha, pansi pali pouma, ndiye masana mutu umafufuma. Mukamanga, mufunditseni duku wa satini mothina pang'ono, muumitse ndi dryer mpaka mukagwira pazimveka kuti gwa. Mukachotsa duku, poperani Got2b Glued, ya chitini chachikasu ija, pang'onopang'ono: kupopera, kuumitsa, kupoperanso. Likauma chipeso chisayandikirenso, apo ayi mutu wonse udzachita zoyerayera ngati ali ndi mfundu. Zoyerazo zimabweranso mukasakaniza jelo ndi edge control zosagwirizana. Yesani kaye kuseri kwa dzanja lanu: pakani zonse ziwiri pamodzi mutikite, zikachita timibulu musaziike pamutu wa mwana.

Tsitsi lake lotsala kumbuyolo mulukeni kachingwe kamodzi, mukakulunge, meshi izungulire pamwamba, kenako neti yakuda yopyapyala. Mapini ooneka ngati U ndi ogwiritsa bun kumutu: mumabaya m'mphepete mwa bun, kutapa tsitsi pang'ono la pamutu, n'kutembenuzira m'kati. Athyathyathya aja muziika awiriawiri mopingasa. Timiyala tonyezimira, ngati amalola, timamatidwa ndi guluu wa nsidze zoikirira, mukutapa ndi kamtengo kotokosera m'mano, pamwamba pa tsitsi louma kale. Mtundu wina wa guluuyu uli ndi latex, choncho ngati mwanayo amadana nayo werengani pabotolo. Guluu wa m'sitolo ya zomangira ayi ndithu. Mu 2021 mayi wina wa ku Louisiana ku America atamuthera Got2b anapopera Gorilla Glue m'mutu, ndipo anakachita kumuchotsa dokotala patatha sabata zingapo.

Pali china chimene chimandidetsa nkhawa kuposa dayi, ndicho kukoka. Kusalala kwa mutu wa wovina kuchokere ku jelo ndi kuumitsa, osati ku mphamvu ya manja anu. Tonse tinakula tikumva kuti kukongola n'kupirira, ndipo tonse tikuwadziwa amayi amene tsitsi la pamphumi ndi m'mbali linawathera, mpango suchoka kumutu. Dokotala wa khungu Nonhlanhla Khumalo ndi anzake atafufuza ku Langa, mumzinda wa Cape Town, anapeza kuti atsikana a sukulu pafupifupi 17 pa 100 alionse anali atayamba kale kuthothoka tsitsi chifukwa chokokedwa, ndipo mwa amayi anali pafupifupi mmodzi mwa atatu. Vutoli linali lalikulu kwa amene amakoka tsitsi la relaxer. Mwana wanu ali m'gulu lomwelo, ndipo akalowerera m'magulewa azidzamangidwa chonchi kawirikawiri. Mukamaliza kumanga mufunseni aweramitse mutu, atembenuke uku ndi uku, akweze nsidze. Akati pakuwawa, kapena mukaona khungu la m'mbali mwa chipumi lakokeka, masulani muyambirenso, ngakhale nthawi ikuthamanga. Tiziphuphu tating'ono m'mphepete mwa tsitsi mawa lake ndi chizindikiro choti munathinitsa. Titsitsi tofewa ta kutsogolo tija musatikokere ku bun, ingotigonekani ndi mswachi wakale.

Zonsezi musaziyambe pa tsiku la mpikisano. Kutatsala sabata imodzi mumangeni mutu wonse ndendende mmene adzakhalire, apite nawo kokayeserera, avine jive nyimbo yonse kangapo mpaka thukuta kamukamu. Pamene pafufuma ndi pamene pini yagwa mudzapaona nokha, komanso mudzadziwa kuti zimakutengerani nthawi yaitali bwanji, chifukwa ana nthawi zambiri amawayambitsa m'mawa ndipo mungafunike kudzuka kusanache. M'chikwama mukhale mapini ena, neti yachiwiri, kachitini kakang'ono ka sipule ndi mswachi uja. Mnyamata wovina nayeyo muwauze makolo ake amumete kutatsala masiku angapo, osati dzulo lake.

Mukabwerako usiku, kaya atopa bwanji, asagone nalo. Chotsani mapini onse, muthire madzi ofunda ndi conditioner yambiri mpaka jelo asungunuke, mulekanitse ndi zala, chipeso chibwere pomaliza. Sabata yotsatira alisiye lipume, osalimanga mothina ngakhale popita kusukulu. Mukafuna, nditumizireni kumbali chithunzi cha mutu wake kutsogolo ndi m'mbali lisanamangidwe, ndione ngati utali wake ukwanira kugwira bun kapena tiyambe taluka timizere tiwiri kunkhongo togwirirapo mapini.