Nkhaniyi ndi yaikulu, koma yambirani pakhomo panu

Achimwene, kusintha kwa nyengo si nkhambakamwa ayi. Muzikuganizira ndithu pokonza za moyo wanu, kungoti kusamakusowetseni tulo. Dziko latentha ndi digiri yoposa 1 poyerekeza ndi kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo 2024 inaposa zaka zonse za m'mbuyo chiyambireni kuyeza. Mpweya wa carbon dioxide, womwe umatsekereza kutentha mlengalenga, unali pa 280 ppm (magawo 280 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya wonse) mafakitale asanachuluke, lero wadutsa 420. Mlengalenga mukatentha mumasunga chinyezi chambiri, n'chifukwa chake mvula ikati igwe imakhuthuka yonse kamodzi.

Ine ndinaziona ndi maso angawa. Ngalande yomwe kale inkakwana bwinobwino inasefukira usiku umodzi, madzi n'kulowa kuchipinda kwa ana, matiresi onse nyowe. Chichokereni tsiku limenelo ndimakonza ngalande mvula isanayambe, ndinabzala mitengo kumtunda kwa nyumba, ndipo ndimasungako kandalama ka pangozi.

Ngati mukumanga pafupi ndi mtsinje kapena m'munsi mwa phiri, funsani injiniya musanakumbe maziko. Ndipo kukatentha kwambiri, okalamba kapena odwala mtima akayamba chizungulire, thamangirani nawo kuchipatala.