AppArmor ikulemba DENIED koma makina akuyenda: ndiizimitse?

Aphunzitsi ena a ku Nkhotakota anditumizira imelo. Ali ndi kompyuta ya Ubuntu yomwe amayendetsapo ma virtual machine (makompyuta ongoyerekezera oyenda m'kati mwa kompyuta imodzi) a ophunzira kudzera pa KVM ndi libvirt, mapulogalamu oyendetsera makina otere. Makina onsewo amatsamira pa disk image imodzi yongowerenga, aliwonse ali ndi kafayilo kawo ka qcow2 pamwamba, kosunga zimene makinawo asintha. Akalemba journalctl -k, lamulo loonetsa mauthenga a kompyutayo, akuona apparmor="DENIED", ndipo mnzawo wawauza kuti angozimitsa AppArmor, pulogalamu yachitetezo yoletsa mapulogalamu kukhudza mafayilo omwe sanaloledwe.

Aphunzitsi, chonde musaizimitse. Kumeneko n'kuchotsa mlonda ntchito chifukwa choti waliza wezulo. Image imeneyo ikangolembedwamo kamodzi kokha, ma qcow2 onse otsamirapo akhoza kuwonongeka, ntchito ya ana n'kupita.

Makina akamadzuka, libvirt imatuma kapulogalamu kotchedwa virt-aa-helper kukalemba malamulo awo a AppArmor mu /etc/apparmor.d/libvirt/, m'fayilo yokhala ndi UUID (nambala yowazindikiritsa) ya makinawo. Disk yongowerenga imaloledwa kuwerengedwa, osati kulembedwamo. Ndiye pa mzere wa DENIED uja pezani pomwe palembedwa denied_mask, nkhani yonse ili pamenepo.

Mukapeza "w" pa image yongowerenga, makina n'kumayenda bwinobwino, mtima ukhale m'malo. China chake chinafuna kutsegula fayiloyo kuti chilembemo ndipo chakanizidwa, zomwe ndi zimene mumafuna.

Ikakhala "k" ndi za loko. Kuyambira pa QEMU 2.10, ya mu 2017, QEMU (pulogalamu yoyendetsa makinawo) imaika loko pa image iliyonse, ngakhale yongowerenga, ndipo malamulo akale sankalola zimenezi. Makina amakana kudzuka n'kulemba "Failed to lock byte 100". Ikani libvirt yatsopano, zithera pomwepo.

Imene imandidetsa nkhawa ndi "r", chifukwa apa QEMU ikulephera ngakhale kuwerenga. Kawirikawiri virt-aa-helper imakhala kuti sinaione image ya pansiyo. Lembani qemu-img info --backing-chain pa qcow2 ya mwana mmodzi, muone njira imene ikuloza komanso ngati mtundu wa image ya pansi unalembedwa. Popanga ma qcow2 atsopano musaiwale -F yotchula mtundu wa image ya pansi, monga -F qcow2. Ngati image mukuisunga pa fulashi kapena m'foda yanu, muyambe mwazimitsa makinawo, muisamutsire ku /var/lib/libvirt/images, mukonze njirayo ndi qemu-img rebase -u, kenako muwayatsenso kuti malamulo alembedwe mwatsopano.

Anzathu a Fedora nkhani ndi yomweyi pa SELinux, yomwe imagwira ntchito ngati ya AppArmor: image yongowerenga imanyamula chizindikiro cha virt_content_t, ndipo madandaulo amakapezeka mu /var/log/audit/audit.log.

Zikapitirira, nditumizireni mzere wonse wa DENIED mmene ulili, osadulako.