Funsani Dokotala: Kodi zachikasu za pansi pa pulasitala ndi mafinya?

Funso: Adokotala, amayi anga anadwala sitiroko ndipo amangokhala chigonere, moti atuluka chilonda pafupa la m'chiuno. Achimwene a ku Johannesburg anatumiza pulasitala wa DuoDERM. Pomatula patatha masiku atatu tinapeza zachikasu zonanda, zafungo. Kodi chilondacho chikuwola? Azakhali akuti tizingopaka GV n'kuchisiya poyera kuti chiume. Ndine wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Pepani ndi matenda, mayi, koma mtima ukhale m'malo. Nthawi zambiri zachikasuzo si mafinya. DuoDERM ndi pulasitala wa mtundu wa hydrocolloid. Mkati mwake muli gelatin, pectin ndi carboxymethylcellulose, zomwe zimayamwa madzi a pachilonda n'kusanduka phalaphala lachikasu lakafungo. Ndi mmene amagwirira ntchito. Tsukani chilondacho ndi saline (madzi a mchere a kuchipatala) kapena madzi owiritsa atazizira, kenako muchiyang'anitsitse. Ngati mnofu uli wofiira bwino, wonyowa, ndipo fungo latha, chikupola.

Maganizo a azakhali ndi omwe ambiri tinakula nawo, koma pano sindikugwirizana nawo. Mu 1962, George Winter wa ku Britain anayesa pa nkhumba ndipo anapeza kuti khungu latsopano limamera msanga pabala lonyowa kusiyana ndi lomwe lauma n'kuchita nkhanambo. Nkhanambo imatchinga njira ya khungu lomwe likumera. GV nayenso amadetsa chilonda, moti simungaone ngati chasintha mtundu.

Pomata, umitsani khungu lozungulira ndipo pulasitalayo apitirire m'mbali mwa chilonda ndi masentimita 2 kapena 3. Mukamata, m'sindikizeni ndi chikhatho kwa kamphindi, chifukwa kutentha kwa dzanja kumam'thandiza kugwira. Amatha kukhala masiku 3 mpaka 7, ndiye musamasuzumire tsiku lililonse. Sinthani akayamba kudontha, akamatuka, kapena chimbudzi chikalowa pansi pake. Khungu la okalamba limang'ambika msanga, choncho gwirani khungu ndi dzanja limodzi, linalo likukokera pulasitala cham'mbali pang'onopang'ono.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri ndi ichi: pulasitalayu amatseka chilonda, ndiye ngati m'chilondamo muli kale tizilombo, timaswana mobisika. Mukaona khungu lozungulira latupa, latentha, ululu ukukula, fungo silikutha mutatsuka, mnofu wada, chilonda chazama, kapena amayi atentha thupi, musamatenso. Pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Pulasitalayu sayeneranso kumatidwa pachilonda chotulutsa madzi ambiri kapena cholumidwa ndi galu. Ngati amayi ali ndi matenda a shuga, adokotala achione kaye.

Chilondachi chabwera chifukwa fupa limapanikiza mnofu mpaka magazi kulephera kufika, ndipo pulasitala yekha sangathetse zimenezo. Muziwatembenuza maola awiri alionse, usiku womwe, asagonere mbali ya chilondayo. Ikani pilo pakati pa mawondo ndi pansi pa akatumba kuti zidendene zisakhudze matiresi. Nsalu zogonera zikhale zouma, zopanda makwinya, ndipo m'chakudya chawo musasowe mazira, usipa, nyemba kapena phala la nsinjiro.